Chilema Chichita Kudza: Tiwadziwe Amene Amathandiza Wodwala Kuimanso

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ife okhala m'midzi ya ku Nkondezi, ndi onse okhala m'mbali mwa msewu waukulu wa N7 wochokera ku Tete kudzera ku Moatize mpaka kuchipata cha Zóbuè, sitisowa munthu wotimasulira mwambi umenewu, pakuti tauona ukukwaniritsidwa pakati pathu kwa zaka zambiri.

Nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inasiya mabomba okwirira pansi m'njira, m'minda ndi pamilatho. Dziko la Mozambique linalengeza pa 17 Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba ayeretsedwa, ndipo tinakondwera, koma amene anaduka miyendo akali nafe ndipo tsopano akukalamba. M'zaka za 2015 ndi 2016, kulimbana kwa asilikali a boma ndi a Renamo kunathawitsa anthu oposa 10,000 kupita ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'midzi ya dera lathu lino. Pa 17 Novembala 2016, galimoto yonyamula mafuta inaphulika ku Caphiridzange, m'boma lomweli la Moatize. Anthu oposa 70 anamwalira ndipo oposa 100 anavulala, ambiri ndi zilonda zamoto. M'chaka cha 2022 poliyo, amene tinkayesa kuti anatheratu, anapezekanso m'chigawo cha Tete ndipo anapuwalitsa ana 8. Mliriwo unalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024, koma miyendo ya anawo sinabwerere mwakale ndi chilengezocho.

Pamwamba pa zazikuluzi pali zatsiku ndi tsiku: mnyamata wagwa pa njinga yamoto, gogo wadzuka m'mawa mbali imodzi itafa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mwana wachira malungo aakulu koma sakuyendanso, khanda labadwa ndi mapazi opindika. Tonse timadziwa kuthamangira kuchipatala kuti moyo upulumuke. Chimene ambiri sitidziwa ndicho chotsatira pambuyo pake, pamene dokotala wanena kuti wodwala angathe kubwerera kunyumba, koma iye sangathe kuima, kudzidyetsa, kapena kupita yekha kuchimbudzi.

Ntchito yobwezeretsa

Pali gawo la zaumoyo limene cholinga chake ndi kubwezera munthu zimene matenda kapena ngozi zamulanda: kuyenda, kugwira, kulankhula, kumeza, kuphunzira ndi kupeza chakudya ndi manja ake. Pa Chipwitikizi amati reabilitação, ndipo m'zipatala zikuluzikulu za boma gawoli limadziwika ndi dzina loti Medicina Física e Reabilitação. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 2.4 biliyoni, ndiye kuti mmodzi mwa atatu alionse, ali ndi vuto limene thandizo lotere lingachepetse. Mu Meyi 2023 msonkhano waukulu wa bungweli unagwirizana koyamba kuti maiko aike ntchitoyi pakati pa ntchito zikuluzikulu zaumoyo.

Ntchito imeneyi sigwiridwa ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la munthu wofa ziwalo ndi lolemera ndithu. Chifukwa chake tiyenera kudziwa amene ali m'gululi ndi chimene aliyense amachita, kuti tikafika kuchipatala tidziwe khomo logogoda ndi funso lofunsa.

Dokotala ndi wochita opaleshoni

Woyamba ndi iye amene amapeza gwero la vuto. Kufooka kwa miyendo kungachokere ku fupa la msana lothyoka, ku chifuwa chachikulu chimene chadya msana, ku sitiroko, ku poliyo kapena ku matenda a shuga amene aononga mitsempha. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yakeyake, ndipo kulimbitsa thupi kumene kungathandize wina kungavulaze mnzake. Dokotala ndiye amanena kuti fupa lagwirana ndipo mwendo ungayambe kuponda pansi, ndiyenso amapereka mankhwala oletsa kuti sitiroko isabwerenso.

M'dziko muno opaleshoni yambiri ya m'maboma imachitidwa ndi akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia, amene boma linayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 1984 poona kuchepa kwa madokotala. Wochita opaleshoni wanzeru akamadula mwendo amaganizira kale za mwendo wochita kupanga umene udzavalidwe, ndipo amayesetsa kusunga bondo ngati kungatheke, popeza munthu amene bondo lake lilipo amayenda mosavuta kusiyana ndi amene wadulidwa pantchafu.

Kwa makolo tikuti: mwana wosafika zaka 15 akafooka mkono kapena mwendo mwadzidzidzi, n'kukhala wolobodoka, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Achipatala amatenga chimbudzi chake kawiri kuti akayeze poliyo, ndipo amafuna kutero pasanathe masiku 14. Poliyo alibe mankhwala ochiritsa. Katemera yekha ndiye amateteza.

Namwino

Ambiri timaganiza kuti ntchito ya namwino ndi kubaya jakisoni ndi kugawa mapiritsi. Kwa wodwala wosatha kudzitembenuza, namwino ndiye mlonda wa khungu, chikhodzodzo ndi matumbo. Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lapanikiza khungu, ndipo pamabuka chilonda pamatako, m'chiuno kapena pachidendene. Zilonda zimenezi, pamodzi ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndizo zimapha ambiri mwa ovulala msana amene anapulumuka ngozi yeniyeniyo. Namwino amatembenuza wodwala pa maola awiri alionse, amayang'ana khungu, amasamala kapaipi ka mkodzo ndi kutsuka zilonda zamoto. Choposa zonse, amaphunzitsa wodikirira wodwala kuchita zomwezo. Mayi kapena mlongo amene akugona pansi pambali pa bedi asachite manyazi kupempha kuti, "Anamwino, tandionetsani m'mene ndizikachitira kunyumba."

Wa fiziyo

Uyu ndiye amadziwika kwambiri, ndipo ena amamutcha wolimbitsa mafupa. Ntchito yake ndi kuyendetsa thupi. Mfundo ya thupi imene siikupindidwa ndi kuongoledwa imauma, minofu yake imafupika, ndipo pakapita miyezi mwendo umakhala wopindika kotero kuti ngakhale mphamvu zitabwerera munthuyo sangathenso kuima. Wa fiziyo amayamba msanga, wodwala akali pabedi: amaongola mawondo ndi zala, kenaka amaphunzitsa kukhala tsonga, kuima, kusuntha kuchoka pabedi kupita pampando, ndi kuyenda ndi ndodo.

Kwa wodulidwa mwendo, amaphunzitsa kukulunga bandeji pa mbali yotsalayo kuti kutupa kuthe, ndi kugona chafufumimba kanthawi tsiku lililonse kuti chiuno chisapindike. Kwa wopsa ndi moto, amalimbana ndi chipsera chimene chimakoka khungu; wodwala amafuna kugona atapinda mkono chifukwa ndi m'mene ululu umachepera, koma akatero mkonowo udzapola uli wopindika. Kwa wodwala sitiroko, miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo ya phindu lalikulu, ngakhale kuti kusintha kumapitirira pambuyo pake. Banja limene limayamba lazungulira kwina n'kufika kwa wa fiziyo chaka chitatha limakhala litataya nyengo yabwino yodzala.

Wophunzitsa ntchito za tsiku ndi tsiku

Pa Chipwitikizi amatchedwa terapeuta ocupacional. Wa fiziyo akafunsa ngati mkono ukutukuka, uyu amafunsa ngati mkonowo ungathe kutema nsima, kumanga chitenje, kugwira cholembera kapena kupalira. Amaphunzitsa kuvala ndi dzanja limodzi, amakulunga nsalu kapena mphira pa chogwirira cha supuni kuti zala zofooka zigwire, amapangira mwana wolumala ubongo mpando womukhazika mowongoka kuti adye bwino ndi kuona anzake. Amaganiziranso za pakhomo: chimbudzi chathu chokumba n'chovuta kwa munthu wosatha kunjuta, koma mpando wamatabwa woboola pakati ndi mtengo wogwirira zimamubwezera ulemu wake. Akatswiri otere amaphunzira ku sukulu ya ISCISA ku Maputo, ndipo akali ochepa, kotero kuti m'malo ambiri wa fiziyo amasenzanso mbali ya ntchito yawo.

Wothandiza kulankhula ndi kumeza

Sitiroko ikagwira mbali ya kumanja ya thupi, kawirikawiri imasokonezanso mawu. Munthu amadziwa chimene akufuna kunena koma lilime silimvera, kapena amatchula mawu ena m'malo mwa ena. Izi sizitanthauza kuti wapenga kapena wabwerera kuumwana, ndipo kumukalipira kumangomutsekereza pakamwa. Katswiri wa mawu, terapeuta da fala, amaphunzitsa banja kulankhula naye pang'onopang'ono, kufunsa mafunso oyankhika ndi inde kapena ayi, ndi kumupatsa nthawi.

Katswiri yemweyo amayang'ananso kameza. Phala kapena madzi zikalowera kumapapo zimayambitsa chibayo, ndipo ichi chimapha odwala ambiri a sitiroko. Wodwala akamatsamwa, kutsokomola kapena kusintha mawu pamene akumwa, adyetsedwe atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo achipatala adziwitsidwe. Tisamuthire madzi m'kamwa ali chigonere, ngakhale titero mwachikondi.

Wopanga miyendo ndi zipangizo

Bungwe la Handicap International, limene tsopano limatchedwa Humanity & Inclusion, linayamba ntchito ku Mozambique m'chaka cha 1986, nkhondo ili mkati, ndipo linathandiza kukhazikitsa malo opangira miyendo m'mizinda ingapo, kuphatikizapo Tete. Pambuyo pake malowa anaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mmisiri wa kumeneko amayeza thupi la munthu, amaumba chikombole, ndipo amapanga mwendo, zitsulo zochirikiza mwendo wa poliyo, kapena nsapato zapadera.

Mwendo wochita kupanga suli ngati khasu logula kamodzi. Umatha, ndipo thupi la mwini wake limasintha; wa munthu wamkulu umafuna kusinthidwa pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, wa mwana kawirikawiri koposa chifukwa akukula. Ukayamba kutupitsa kapena kusupula khungu, ubwezedwe kwa mmisiri kuti aukonze. Chimodzimodzinso njinga ya olumala iyenera kuyezedwa molingana ndi mwini wake, ikhale ndi katsamiro koteteza zilonda, ndiponso ikhale yolimba pa mchenga ndi miyala ya njira zathu.

Za mapazi opindika, m'mera mpoyamba. Njira imene anaiyambitsa dokotala Ignacio Ponseti imaongola phazi la khanda ndi chikhakha chosinthidwa mlungu uliwonse, kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Kenaka nthawi zambiri amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, ndipo mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo usana ndi usiku kwa miyezi itatu, pambuyo pake usiku wokha kufikira zaka zinayi kapena zisanu. Makolo akatopa n'kusiya nsapatozo, phazi limabwerera. Apa tikuona kuti luso la katswiri limadalira khama la mayi ndi bambo.

Wosamala maganizo ndi wa chisamaliro cha anthu

Bambo amene dzulo anali kudyetsa banja ndipo lero akusambitsidwa ndi mkazi wake amavulala kawiri. Ena amasiya kudya, ena amakana kulimbitsa thupi, ena amaganiza zodzipha. Amene anaona moto wa ku Caphiridzange kapena kuthawa mfuti usiku angathe kumalota zoopsa kwa zaka. Katswiri wa zamaganizo, kapena técnico de psiquiatria, amamvetsera, amalangiza, ndipo amapereka mankhwala pamene afunika. Iye amathandizanso odwala khunyu, amene ambiri amalumala chifukwa chogwera pamoto.

Wa chisamaliro cha anthu amayang'ana za kunja kwa chipatala: ndalama yoyendera, sukulu ya mwana, ndi mapepala ofunika ku INAS, ofesi ya boma yothandiza okalamba ndi olumala osauka. Dziko la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2024 linakhazikitsa lamulo lakelake loteteza ufuluwo. Mabungwe a eni ake, monga ADEMO, amathandiza munthu kudziwa zimene zili zake mwalamulo, ndi kuona anzake amene anadutsa njira yomweyo n'kuimanso.

Ulusi womanga gulu

Akatswiri onsewa akagwira ntchito aliyense payekha, wodwala amagwera pakati. Wochita opaleshoni angadule bwino, koma bondo likauma mmisiri sangapange mwendo. Mmisiri angapange mwendo wabwino, koma mwini wake akataya mtima udzangokhala pakona ya nyumba. Chifukwa chake gulu labwino limakhala pansi, limafunsa wodwala chimene akufuna, ndipo limagwirizana pa cholinga chimodzi chomveka, monga chakuti pofika nyengo yokolola mayiyu azitha kuyenda yekha kukafika pachitsime.

Kwa ife, ambiri mwa akatswiriwa ali ku mzinda wa Tete, ndipo kuchokera ku Zóbuè ndi mtunda wa makilomita oposa 100. Ena amaolokera ku Mwanza ndi ku Blantyre, kumene kuli malo a Kachere, amene anayambitsidwa ndi bungwe la MAP, ndi chipatala cha ana cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2002. Kulikonse kumene tingapite, ulendowo ndi wodula, ndipo palibe banja lingathe kukwera chapa mlungu uliwonse. Motero ulusi womanga gulu umadutsa m'manja mwa anthu atatu apafupi: namwino wa pachipatala chaching'ono, wazaumoyo wa m'mudzi amene timamudziwa ndi dzina loti APE, ndi wosamalira wodwala pakhomo.

Tisanatuluke m'chipatala chachikulu, tifunse zinthu zinayi: dzina la matendawo, zolimbitsa thupi zoti tikachite ndi kangati patsiku, zizindikiro zoopsa zotibweza msanga, ndi tsiku lobwerera. Tipemphe kuti zilembedwe. Kalata yotumizira wodwala, khadi la kuchipatala ndi zithunzi za mafupa zisungidwe m'pepala la pulasitiki, pakuti ndizo pakamwa pa dokotala wa kutali polankhula ndi namwino wa kwathu. Ndipo wosamalira asakhale mmodzi yekha. Aphunzire awiri kapena atatu, amuna omwe, kuti mayi mmodzi asathyoke msana ponyamula.

Mbali yathu ngati mipingo

Abale ndi alongo, pali ntchito zimene sizifuna digiri. Timadziwa kusonkha msanga pa maliro. Tiphunzirenso kusonkha ndalama ya ulendo wa ku Tete munthu akali moyo. Amayi a chigwirizano akamayendera odwala angathe kupatsa wosamalira mpata wopuma kapena wopita kumunda. Amisiri a matabwa ali m'mipingo mwathu angathe kukhoma mitengo iwiri yogwirira pophunzira kuyenda, mpando wa kuchimbudzi, ndi njira yotsetsereka pakhomo la tchalitchi m'malo mwa masitepe okha. Achinyamata angathe kukankha njinga ya mnzawo popita kusukulu.

Abusa ndi akulu a mpingo ali ndi mawu amene anthu amawamvera. Banja likayamba kulozana zala za ufiti chifukwa cha sitiroko kapena khanda lobadwa ndi mapazi opindika, mawu awo angathe kuletsa chidani ndi kufulumizitsa ulendo wa kuchipatala. Kupempherera wodwala ndi kumuperekeza kwa wa fiziyo sizitsutsana. Tisauze munthu kuti ataye ndodo zake kapena asiye mankhwala a kuthamanga kwa magazi pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Ndipo ogawa katemera akafika pamudzi, ife tikhale oyamba kutulutsa ana athu.

Pomaliza, tisaiwale kuti mwini gululi ndi wodwalayo. Tisamulankhulire ngati palibe, tisamuchitire zimene angathe kudzichitira yekha ngakhale mochedwa, ndipo akayamba kupeza mphamvu timubwezere malo ake mu kwaya, m'komiti kapena pa bwalo la mudzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Njira yotsetsereka imene tingamange chaka chino pakhomo la tchalitchi, mwina tidzaikwera ndi ife tomwe.